A Jethro Daka ndi oyilo wa Morisi yathu

A Jethro Daka tinawaika m'manda ku Tamanda mwezi wa Febuluwale chaka chino cha 1971. Amene analankhula pamaliro ananena kuti malemuwo anali mkulu wa mpingo, kuti anapita kunkhondo, ndiponso kuti mowa sunafike pakamwa pawo. Zonsezo n'zoona. Ine sindinaimirire, poti sindine wachibale ndipo kulankhula pagulu sindinakuzolowere. Zimene ndikadanena ndazilemba pano.

Anabadwira pafupi ndi mishoni, kumene bambo awo ankacheka matabwa. Sukulu analekezera Sitandade 3. Ali mnyamata anakalowa ntchito yosoka fodya pa famu ina, ndipo tsiku lina mwini famu anawapeza atagona chafufumimba pambali pa thalakitala, khutu lili pachitsulo. M'malo mowathamangitsa anawapatsa chiguduli ndi sipanala. Nkhondo itabwera analembedwa m'gulu losamala malole, nafika ku Kenya mpaka ku Abisiniya. Za kumeneko sankakamba, kupatula kuti fumbi lake linkadya magiya ngati chiswe. Atabwerera anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa galaja ina mu Foti Jemusoni, monga tinkaitchulira Chipata masiku amenewo. Mwini galajayo atachoka chaka cha ufulu, a Daka anamanga chisakasa cha malata kuseri kwa msika wa Kapata. Akazi awo anali atamwalira, ana awo ali ku Migodi. Ankakhala ndi mlongo wawo, a Dolika, amene ankagulitsa mtedza wokazinga pakhomo pa chisakasacho, ndipo kawirikawiri ankayankha makasitomala achimwene awo asanatsegule pakamwa.

Chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi chala. Manja awo anali akuda ndi girizi ngati a makaniko aliyense, koma asanakhudze oyilo ankatsuka chala cha mkombaphala ndi sopo, n'kuchipukuta ndi kansalu koyera kamene kankakhala m'thumba la pachifuwa. Ankati chala chakuda chimanama.

Amuna anga, a Fulansisi Mwanza, anali mphunzitsi pa sukulu ina mailosi asanu ndi awiri kuchokera ku Boma. Mu 1964 anagula Morisi yakale, ya 1953, ya galasi la kutsogolo logawika pakati, kwa mzungu wina amene ankalongedza katundu. Kangapo pachaka ankapita nayo kwa a Daka, ine n'kutsala m'galimoto ndi zosoka zanga pamiyendo. Zaka zonsezo sindinalankhule nawo mawu oposa moni.

Chifuwa chitayamba kuwafooketsa, amuna anga anandiphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira la sukulu, Loweruka lililonse, mpaka ndinatenga laisensi. Ankati, "Ukatha kunditengera ine kuchipatala, uzidzatengera Annie." Annie ndi mwana wathu woyamba, ndipo anabadwa ndi mphumu. Ikamugwira sipakhala nthawi yodikira basi.

Amuna anga anamwalira mu Ogasiti 1966. Masiku a maliro galimoto inayenda kwambiri, kunyamula anthu, nkhuni ndi ufa. Akulu awo a malemu, a Wilbroad, ankayendetsa lole ya mafuta kuchokera ku Salima kupita ku Lusaka, pakuti njira ya kumwera inali itatsekedwa ndipo petulo ndi oyilo zinkasowa m'dziko lonse. Ndi munthu wa mawu okweza ndi mtima wofewa, ndipo mng'ono wawo ankamukonda. Maliro atatha anabwera ndi chitini chachikulu, nalowa okha pansi pa galimoto, nakhutula oyilo wa mu giyabokosi, nathiramo wawo.

"Mlamu, uyu ndi wa malole," anatero akupukuta manja. "Wolemera. Si timadzi timene Fulansisi ankathiramo. Uyu mudzakalamba naye."

Ndinagwada n'kuthokoza, ndipo ndinathokoza ndi mtima wonse. Wotsalayo anaika m'buti.

Miyezi yotentha sindinaone vuto. Mvula itatha magiya anayamba kuuma m'mawa. Pofika mu Juni, kuzizira kutalimba, giya yachiwiri inkakukuta ngati chigayo chopanda chimanga, ndipo nthawi zina inkakaniratu kulowa. A Wilbroad atadutsa tsiku lina anaiyesa, napukusa mutu.

"Yatsatira mwini wake, mlamu. Galimoto zimatero."

Mwambo wondisudzula unali utaikidwa Loweruka lomaliza la Julaye, kumudzi kwawo kwa amuna anga ku Chipangali. Tsiku limenelo abale a malemu amamasula mkazi wamasiye ndi kugawa katundu. A Wilbroad anati galimoto yakufa isawolere pabwalo. Aidule, atenge ekiselo ya kumbuyo ndi matayala ake, apange ngolo, amai awo aleke kusenza mtedza pamutu kuchokera kumunda. Sanali maganizo oipa. Ngolo zambiri za kwathu kuno zinayamba zili galimoto. Koma apongozi anga anatumiza mawu akuti, "Ikafika pano ndi mapazi ake, ndi ya ana a Fulansisi. Ikabwera pamsana pa lole, ndi ngolo."

Kunali kutatsala masiku khumi pamene ndinalimba mtima. Ndinasiya ana kwa aneba, n'kuyenda mailosi asanu ndi awiri aja ndi giya yoyamba ndi yachitatu, galimoto ikudumpha ngati mbuzi yomangidwa.

A Dolika ndiwo anayamba kundiona.

"Achimwene, kwabwera Morisi ya aphunzitsi. Ikulira kuposa mwini maliro."

A Daka anatuluka, navula chipewa, nandipepesa ngakhale kuti anali atapepesa kale pamaliro. Ndinawafotokozera zonse, za ngolo zomwe, maso anga ali pansi. Iwo anamvetsera nkhope itapenya pambali pang'ono pa ine, ndipo ndinaganiza kuti ndi ulemu.

"Tiyeni tizungulire msika, mai a Annie. Muyendetse inu. Ine ntchito yanga ndi kumva."

Anakhala kumanzere kwanga, chikhatho chili pa ndodo ya magiya, pansi pa dzanja langa. Tinazungulira kawiri. Giya ikakukuta ankatsinzina ngati apondedwa chala.

Titabwerera anagwada m'kati mwa galimoto, napinda kapeti, nachotsa kampira kotseka bowo la pambali pa giyabokosi. Anatambasula dzanja kufuna sipanala imene inali poyera pa mpando, napapasa kawiri asanaigwire. Atamasula nati ya pabowopo, anatuluka kukatsuka chala chija, nabwerera, nachilowetsa m'bowo. Anachitulutsa, nafikisa oyiloyo ndi chala chachikulu, natalikitsa zalazo pang'onopang'ono. Oyilo anatamuka ngati ulimbo. Kenaka ananunkhiza.

"Nunkhizani nanu."

Fungo lake linali ngati la mazira ovunda.

"Wathira uyu ndani?"

Anapukuta chala ndi chiguduli, napitiriza.

"Aphunzitsi sakadathira uyu. Ndinawaphunzitsa ndekha."

"Inali mphatso, bambo."

"Ya yemwe akufuna ngoloyo?"

Ndinavomera ndi mutu. Anadikira, ndipo ndinaona kuti sanaone kuvomera kwanga, choncho ndinati, "Inde."

Sanaseke. Anati, "Ndi oyilo wabwino, ndipo pomupeza masiku ano anavutika. Kungoti walowa nyumba yolakwika. Mu lole magiya ndi akuluakulu, amafuna wolemera. Umu muli timphete ta mkuwa timene timanyengerera magiya asanalumane. Kukazizira, oyilo uyu amalimba, timpheteto sitigwira. Ndiponso chimene chikununkhachi chimanyambita mkuwa pang'onopang'ono. Tione kuti chanyambita mpaka pati."

Analowa pansi ndi beseni loyera, namasula nati ya pansi. Oyilo anatsika mwaulesi, ndipo tinadikira nthawi yaitali, a Dolika akunditsanulira mtedza m'manja ndisanapemphe. Atatha kudontha, a Daka anayala kansalu kawo koyera pakamwa pa chitini chopanda kanthu, nasefa oyiloyo. Kenaka anandipatsira kansaluko ndi manja awiri.

"Pitani nako padzuwa, mundiuze chimene mukuona."

Ndinawayang'ana, ndipo kanali koyamba kuwayang'ana m'maso. Pakati pa diso lililonse panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Ndi ng'ala, mai," anatero motsitsa. "Chaka chachitatu chino. Ndimaona kuti kunja kuli dzuwa, ndimaona kuti mwavala zakuda. Zing'onozing'ono zinapita."

"Akudziwa ndani?"

"Dolika. Tsopano ndi inu. Anthu akamva, ndani angabweretse galimoto kwa makaniko wosaona?"

"Akudziwanso ndi abusa," anatero a Dolika osatembenuka, "amene munawapatsa moni kuti amai, tsiku lija anavala jasi lalitali."

"Iwe gulitsa mtedza."

Ndinapita padzuwa. A Daka ananditsatira ndi mawu. "Mukaona fumbi lonyezimira, longa la pa mapiko a gulugufe, tili moyo. Mukaona zibenthu zonga mphale, alamu anu apeza ngolo, ndipo sindikunamizani."

Pa kansalupo panali kunyezimira kwachikasu, kosalala. Ndinapalasa ndi chikhadabo mbali zonse, kufuna chimene sindinkafuna kupeza.

"Ndi fumbi, bambo. Koma pali kachibenthu kamodzi."

"Kotani?"

"Ngati kambewu ka chitowe."

"Ndipatseni."

Ndinakaika pa chala chawo. Anakagubuduza, nakaluma pang'ono ndi mano akutsogolo, nakalavula.

"Mkuwa, si chitsulo. Mano a magiya ali bwino. Mphete ya giya yachiwiri yadyeka, ndipo siidzabwerera, koma munthu amayenda ndi bondo lodwala akadziwa kuliponda. Buku la galimotoyi lilipo?"

Linali pa kashelefu ka pansi pa chiwongolero, pomwe amuna anga ankalisiya. Linali la Chingerezi, ndipo m'mphepete mwa masamba munali zolemba zawo za pensulo. Ndinaima kaye ndisanayambe kuwerenga, ndipo a Daka sanandifulumize. Nditapeza tsamba lake ndinawamasulira kuti giyabokosi imafuna oyilo yemweyo wa injini, nambala 30, ndipo wolemera ndi wa ku difu, pakati pa matayala a kumbuyo.

"Mwamva, Dolika? Mzungu wa bukuyu akugwirizana nane."

"Mwina anadzaphunzira pano ine nditapita kumsika."

Kudziwa nambala kunali kosavuta, koma kumupeza oyiloyo inali nkhani ina. Tinatsikira ku masitolo a amwenye, a Daka patsogolo, ine m'mbuyo mapazi angapo monga kuyenera mkazi wovala zakuda. Ankayenda mowongoka, osapapasa, koma ndinamva kuti akuwerenga mapazi chapansipansi, ndipo pa ngalande iliyonse ankachepetsa liwiro asanafike. Masitolo awiri oyamba analibe kanthu. Pakhonde la yachitatu panali bambo wina wogulitsa oyilo m'mabotolo a sikwashi, amene anatiitana.

"A Daka, uyu ndi watsopano, wangotsika pa lole dzulo. Nambala 30 yeniyeni."

"Nambalayo yalembedwa pati?"

"Pakamwa panga pano. Simundikhulupirira?"

"Ndikukhulupirira, mphwanga. Nyuzipepala ndi imene ili ndi mtima wokayika."

Anang'amba m'mphepete mwa nyuzipepala imene inali pa benchi, nadonthezapo dontho limodzi, nandipatsa ngati akungofuna kuti ndiwagwirire pamene akupukuta chala. Dontholo linafalikira, ndipo pakati pake panatsala kadontho kakuda kozunguliridwa ndi mzere.

"Lili ndi diso lakuda pakati," ndinanong'ona.

"Uyu anagwirako kale ntchito, mphwanga," anatero a Daka mokweza pang'ono. "Wasefedwa bwino, koma wayenda ulendo wa ku Lusaka kawiri. Mugulitseni kwa opaka mitengo ya khola, chiswe chimamuopa."

Bamboyo anaseka, nati, "Maso a a Daka sabisidwa kanthu."

M'sitolomo munali zitini zitatu zokha pa shelefu ya pamwamba. Mwini sitolo anatsitsa zonse, nayamikira chachikulu, kuti galimoto yakale imafuna oyilo wolemera monga nkhalamba ifuna bulangete. A Daka ananyamula chilichonse, nachigwedeza pafupi ndi khutu, napapasa chotsekera ngati sichinatsegulidwepo.

"Mai a Annie ndiwo eni galimoto," anatero. "Awerenge okha, asadzati ndinawasankhira."

Ndinawerenga. Choyamba chinali 140, chachiwiri 90, chachitatu, chaching'ono ndi chophwanyika pakona, chinali 30.

"Chophwanyikacho chikudontha?"

Ndinachitembenuza. "Ayi."

"Ndiye mwasankha chiti?"

"Chomwechi."

"Mwamva, bwana, mai asankha."

Titabwerera anatsuka m'kati mwa giyabokosi ndi palafini pang'ono, namusiya kuti adonthe mpaka dzuwa litapendeka. Kenaka anandipatsa fanulo ndi kapaipi. Ine ndinkathira, iwo chala chili pakamwa pa bowo.

"Pang'onopang'ono. Umu mulibe ndodo yoyezera ngati ku injini. Muyezo wake ndi bowo lomweli. Galimoto iime pamalo osapendekeka, muthire mpaka oyilo afike pamlomo. Akayamba kutuluka, basi. Mukapitiriza, adzatulukira kwina kumene simukufuna. Imani. Ikani chala chanu apa."

Ndinaika. Ndinamva kunyowa pansonga penipeni.

"Mwezi uliwonse muzichita zimenezo. Sopo muli naye kunyumba."

Ndinkaganiza kuti tatha, koma anafunsa ngati oyilo wa mphatso uja anatsalako. Ndinatulutsa chitini m'buti n'kuwawerengera nambala yake, 90. Analowa pansi cha kumbuyo, namasula nati ya difu, ndipo ndinamva akudandaula okhaokha.

"Muno mwauma ngati m'dambo mu Okutobala. Pakanapita mwezi wina umodzi, ekiselo imene akuilimbiranayi ikanapsa, osapeza galimoto, osapeza ngolo. Bweretsani mphatso ija. Kwawo ndi kuno."

Anathira mpaka anadzaza.

Ndisanachoke ndinawafunsa, ndi mawu amene ndinayamba ndawayeseza mumtima, ngati angandiperekeze ku Chipangali. Anati Loweruka ndi tsiku la makasitomala ambiri. A Dolika anati makasitomala awowo ndi awiri, ndipo mmodzi ndi wa njinga.

Tinanyamuka m'mawa wa Loweruka lija, kukuzizira, a Daka kutsogolo atavala jekete la kutchalitchi, Annie ndi mng'ono wake kumbuyo atafunda bulangete limodzi. Petulo ndinali nditasunga wa makuponi a boma a miyezi iwiri, poti ankagulitsidwa moyeza. Magiya anali ofewa ngati kale, koma yachiwiri inkakhosomolabe ndikaifulumiza.

"Musaikankhe," anatero. "Pondani kilachi, tulutsani giya, siyani kilachi. Mupume pakati. Patsani moto pang'ono, pondaninso, ndiye mulowetse. Monga mmene mumalowera m'nyumba ya apongozi. Mumayamba mwaima pakhomo."

Ndinalephera kanayi. Kachisanu inalowa mwakachetechete, ndipo Annie anaomba m'manja kumbuyo. Pa zitunda ndi pa mchenga wa m'mitsinje youma a Daka ankangoti "tsopano," ine n'kusintha. Pena ankandiuza kuti kutsogolo kuli mlatho wa mitengo ndisanauone, poti msewuwo anauyenda zaka zambiri ndi malole a fodya. Pafupi ndi mudzi anandifunsa ngati thonje la m'minda layera, ndipo ndinawauza kuti ambiri athyola kale, kwatsala mapesi.

Tinalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu. Anthu anaimirira pansi pa mtengo pamene anasonkhana, ndipo amai ena anagwira pakamwa poona kuti woyendetsa ndine. A Wilbroad anali ataimika lole yawo pafupi ndi nkhokwe, unyolo wokokera uli kale pansi, pakuti ankayembekeza uthenga woti akatitole panjira.

Mwambo unayenda monga umayendera. Anandimeta, anandivula zakuda, ndipo ankhoswe analankhula mawu ondimasula. Anagawa majekete, njinga ndi wailesi. Itafika nkhani ya galimoto, a Wilbroad anaimirira, nkhope itagwa.

"Yafika, ndaona. Koma ndimve kaye chimene achita nayo. Ine ndinathiramo oyilo wabwino ndi manja angawa. Ngati wina wamutaya, anene pano."

Kunena zoona pamaso pa amai awo ndi mudzi wonse kukanakhala kunena kuti iwo ndiwo anadwalitsa galimoto ya mng'ono wawo. Munthu wochititsidwa manyazi chotero sabwerera m'mbuyo, ndipo ana anga ndi magazi ake, adzamufuna moyo wawo wonse. Kunama nakonso sindikanatha.

A Daka anaimirira, chipewa m'manja.

"A Mwanza, inu ndi ine ndife anthu a zitsulo. Nkhani za zitsulo sizikambidwa pamphasa. Tiyeni pansi, ndikuonetseni kanthu."

Anavula jekete, nandipatsa kuti ndigwire, nagona chagada pafumbi, nalowa pansi pa Morisi. A Wilbroad anazengereza, kenaka nawonso analowa. Anthu onse tinatsala tikuyang'ana mapazi anayi, awiri a nsapato zakuda zopukutidwa, awiri a majombo. Mawu ankamveka koma osazindikirika. Poyamba ankamveka kwambiri anali a a Wilbroad. Kenaka kunamveka sipanala. Kenaka kunakhala chete nthawi yaitali, ndipo jombo imodzi inkakanda inzake. Apongozi anga anati, "Kodi agona?" ndipo anthu anaseka.

Atatuluka, a Wilbroad anali ndi oyilo pa chala ndi pamphuno. Maso awo anali ofiira. Anasasa fumbi, nayang'ana kwa amai awo.

"Galimoto ili bwino, amai. Oyilo wanga ali kumbuyo, ku ekiselo, ndipo a Daka akuti akanapanda iyeyo ikanapsera panjira. Kutsogolo athira wa nambala yake." Anatembenukira kwa ine. "Ikhale ya ana."

"Ndinanena kale," anatero apongozi anga. "Nanga mtedza wanga ndizisenzabe?"

"Kuseri kwa chisakasa changa kuli ekiselo ya Fodi yakale," anatero a Daka. "Nkhuku za mlongo wanga zimaikira pamenepo. A Mwanza akadzadutsa ndi lole adzainyamule. Ndi yolimba kuposa ya Morisi, ng'ombe zinayi zikhoza kukoka."

Tisananyamuke a Wilbroad anabwera pawindo langa. Sanakweze mawu monga mwa masiku onse.

"Mlamu, ine ndimati ndikuthandiza."

"Ndikudziwa, alamu. Munathandiza."

Anaika dzanja pamutu pa Annie kudzera pawindo, nabwerera kukakulunga unyolo wawo.

Zimene anakambirana pansi paja a Daka sanandiuze, ndipo sindinafunse. Pobwerera ana anagona. Titadutsa mlatho wa mitengo uja, a Daka anakonza pakhosi.

"Alamu anu ndawauza za maso. Sindikanawauza cholakwa chawo ine n'kubisa changa. Akuti ku chipatala cha mishoni, cha kumalire uku, kwabwera dokotala amene amachotsa ng'ala. Ndinamvapo kale. Koma pa basi, ndi kutsika, ndi kufunsa njira kwa anthu ondidziwa..." Sanamalize.

Ndinasintha giya, n'kupuma pakati monga anandiphunzitsira.

"Lachiwiri ana amakhala kusukulu mpaka masana," ndinatero.

"Lachiwiri ndilibe galimoto yokonza."

Tinapita Lachiwiri, a Dolika atakhala kumbuyo ndi mtanga wa zakudya, akundilangiza njira imene sankaidziwa. A Daka anawagoneka masabata awiri. Diso lamanzere linakana, koma lamanja linatseguka, ndipo anawapatsa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Tsiku lowatenga anaima pakhonde la chipatala, nayang'ana mapiri nthawi yaitali. Kenaka anazungulira Morisi pang'onopang'ono, naima pa phiko la kumanzere, chitsulo cha pamwamba pa tayala, pamene panali potifuka.

"Apa panachitika chiyani?"

"Nsanamira ya khola la apongozi, tsiku lija. Pobwerera m'mbuyo."

"Ine ndili momwemo?"

"Munati ndi dzenje."

Anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute misozi ya diso labwinolo. Anati ndibwere nayo Lachisanu adzawongole. Anagwiranso ntchito zaka zitatu pa chisakasa chija.